Tiyezetse Madzi a M'zitsime Zathu

Ife ndife gulu la ku Karoi m'boma la Hurungwe, pa msewu wa Harare kupita ku Chirundu. Ambirife tinabadwira m'makomboni a mafamu a fodya kumene makolo athu anadzagwira ntchito kuchokera ku Nyasaland. Lero timagulitsa tomato, kapenta ndi kaunjika pamsika.

Pa chikondwerero chino tabwera ndi nkhani ya madzi. Kolera wa 2008 anatiphunzitsa kuwiritsa madzi ndi kuthiramo kolorini. Koma muli chinthu china chimene njira ziwirizi sizichotsa, dzina lake nitrate. Amachokera ku feteleza monga AN amene timathira ku chimanga ndi fodya, komanso ku zimbudzi ndi makola a ng'ombe. Mvula ikagwa amatsika m'nthaka n'kulowa m'zitsime zosazama. Saoneka ndi maso, sanunkha. Mukawiritsa madziwo, nthunzi imachoka koma iye amatsala, mwinanso n'kuwonjezera mphamvu.

Bungwe la WHO limati nitrate asapitirire mamiligalamu 50 pa lita imodzi. Amene ali pangozi kwambiri ndi makanda osakwana miyezi 6. Magazi awo amalephera kunyamula mpweya, milomo ndi zikhadabo zimada mobiriwira, mwana n'kumapuma movutika. Wotero n'ngothamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Amayi, apa ndi pamene zikutikhudza ife amalonda. Tikapita kukaoda katundu ku Mbare kapena ku Lusaka timasiya khanda ndi agogo ake, ndipo iwo amasungunula mkaka wa m'chitini ndi madzi a pachitsime, owiritsa bwinobwino, mtima uli m'malo.

Choncho ife a ku Karoi tagwirizana zitatu. Mayi wa khanda aziyamwitsa bere lokha miyezi 6, ndipo anzake azimuodera katundu. Chimbudzi ndi khola zikhale kumunsi kwa chitsime, mtunda wosachepera mamita 30, ndipo matumba a feteleza tisamatsukire pachitsime. Chachitatu, pa ndalama za gulu, zimene kwathu timati mukando, kwanu chilimba kapena chipereganyu, tizipatulako pang'ono mvula ikayamba kuti alangizi a zaumoyo atithandize kutumiza madzi kukayezedwa.

Tikupempha kuti nanunso mukakambirane zimenezi m'magulu mwanu.