Zimene majini a chotupa amaulula



Ndikamati majini sindikunena ziwanda zija amatulutsa asing'anga ayi. Ndikunena malangizo olembedwa mu DNA ya selo iliyonse ya m'thupi, amene amaiuza nthawi yogawikana ndi nthawi yoleka.

Khansa ya lymphoma imagwira maselo oyera oteteza thupi, ndipo imaonekera ngati mwanabere wosaphwa kapena chotupa m'mimba. Ilipo ya mitundu yambiri, mankhwala akenso ngosiyana. Mtundu umene watha ana athu kuno ndi wa Burkitt. Dokotala Denis Burkitt anaufotokoza mu 1958 ali ku Kampala, ataona ana otupa nsagwada. Mu 1961 anayenda pa galimoto chipatala ndi chipatala, nadutsa muno mu Nyasaland, napeza kuti nthendayi imakonda malo otsika ndi otentha, komwe malungo sakata.

Chimene chimalakwika m'selomo chinadziwika pambuyo pake. Mu 1976 akatswiri anaona kuti kachidutswa ka chromosome 8 kamathyoka nkukamatirira pa chromosome 14. Mu 1982 anapeza kuti pa kachidutswako pali jini yotchedwa MYC, yolamula selo kugawikana. Kumalo kwatsopanoko jiniyi siipumanso, ndiye chotupa chimatha kukula kawiri m'masiku awiri okha.

Nanga kuyezako kumathandiza chiyani? Pa maikulosikopu, makamaka mwa akulu ndi mwa odwala Edzi, Burkitt amatha kufanana ndi mtundu wina wotchedwa diffuse large B-cell. Wachiwiriwu amauchiza ndi mankhwala a CHOP, pamene Burkitt amafuna ena amphamvu kuposa apo. Mukasokoneza, wodwala alandira ochepa osamuchiza, kapena ochuluka omufoola pachabe. Poyeza ndi njira ya FISH, amaika kautoto kofiira mbali imodzi ya MYC, kobiriwira mbali inayo. Jini ikakhala yathunthu timadonthoto timaoneka pamodzi, koma ikathyoka timatalikirana. Komabe dokotala saweruza ndi zimenezi zokha, chifukwa MYC imathyokanso mwa odwala ena a mtundu wachiwiri uja. Amaphatikiza ndi maonekedwe a maselo.

Pano mumvetsetse, chifukwa mabanja amayambanirana pa nkhani imeneyi. Kuyezaku sikufufuza mtundu wa bambo kapena wa mayi. Kuthyokako kumachitika m'maselo a chotupa okha, mwana atabadwa kale. Sizakumtundu, ndipo palibe chifukwa cholozera chala kuchimuna kapena kuchikazi.

Enanu munakhalako ku London ndi ku Johannesburg, kumene zipatala zazikulu zimayeza FISH ngati ntchito ya tsiku ndi tsiku. Njirayi imafuna maikulosikopu yapadera, utoto wodula ndi munthu wophunzira kuwerenga timadonthoto. Kuno tinapita patsogolo mu 2011 pamene labotale yoyeza zotupa inatsegulidwa pa Kamuzu Central mothandizana ndi University of North Carolina. Ine ndikuona kuti ndalama zipite kaye pa sitepe yoyamba, yodula kanyama ka chotupa nkukayeza msanga, chifukwa popanda kanyamako ngakhale FISH ilibe choyeza.

Mwanabere wa lymphoma amafanana kwambiri ndi wa TB. M'bale wanu akamamwa mankhwala a TB kwa mwezi wathunthu koma chotupa chikukulirakulira, bwererani naye kuchipatala mukapemphe kuti adule kanyama akayeze. Akakhala mwana wotupa nsagwada kapena mimba, musadikire ngakhale sabata.