Mwai Waciŵiri wa Maphunziro

Nkhani yathu lero ndi ya mwana amene wasiyira sukulu panjira, ndi udindo wa Boma pa mwana wotereyo.

Yang'anani m'kalasi mwanu. Mwina muli malo opanda mwini. Mnzanu amene anali kukhala pamenepo anapita kukaŵeta ng'ombe, kapena makolo ake anamwalira, kapena anatenga pakati. Kodi ameneyu tingomuiŵala? Iai. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Boma ndilo kholo la ana onse a m'Zambia.

Kale mtsikana akatenga pakati anali kucotsedwa sukulu osabwereranso. M'caka ca 1997 Boma linasintha zimenezi, ndipo tsopano mtsikana akacira aloledwa kubwerera m'kalasi. M'caka ca 2000 Unduna wa Maphunziro unayamba maphunziro a pa wailesi ochedwa Taonga Market, kuti ana amasiye ndi ena okhala kutali ndi sukulu aphunzire kuŵerenga ndi masamu. M'caka ca 2002 Boma linacotsa malipiro kuyambira Giredi 1 mpaka 7, ndipo mu 2022 linawacotsanso ku sekondale. Amene sanakhoze mayeso otsiriza angathe kulembanso mayeso a GCE.

Koma satifiketi siphika nsima. Wophunzira afunanso nchito. Cifukwa cace lamulo la mu 1998 linakhazikitsa bungwe la TEVETA loyang'anira sukulu zophunzitsa ukalipentala, kumanga nyumba, kusoka ndi zamagetsi. Kuyambira 2022 gawo la ndalama za CDF limalipirira acinyamata osauka ku sukulu zotere. Ngakhale zili tero, ambiri akali kufuna nchito osaipeza. Boma silingalembe onse, koma liyenera kukonza miseu, magetsi ndi misika, kuti mlimi ndi mmisiri apeze kogulitsa zao nalembe anzao nchito.

Aphunzitsi, lamulo lolembedwa ku Lusaka silifika lokha pamudzi. Ndinu amene mudzapita kukalankhula ndi makolo ndi anyakwawa. Ana inu, mnzanu akabwerera musamuseke. Mkhalitseni pafupi, mumubwereke mabuku anu.

Wailesi ikatsekedwa, kambiranani mafunso aŵa: Ndi zifukwa ziti zimene zimasiyitsa ana sukulu kwanuko? Nanga inu mungacitepo ciani sabata ino?

Tsalani bwino.