Za Ndalama za Munthu Wochotsedwa Ntchito: Mawu a Mlembi pa Msonkhano wa Nthambi

 Nkhani imene Komiti yatituma kuti tilankhule lero ndi ya abale athu amene abwerako ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku maesiteti atachotsedwa ntchito, nakhala pamudzi miyezi yambiri kudikira ndalama zimene mabwana awo analonjeza. Kuchokera ku Lizulu kufikira ku Kampepuza nkovuta kupeza mudzi wopanda munthu wotere.

Ku Joni kuli thumba lotchedwa UIF, m'mene wantchito amaponya randi imodzi pa marandi 100 alionse a malipiro ake, bwananso imodzi, kuti ntchito ikatha munthu azilandirako kenakake. Kuno kwathu thumba lotere kulibe. Chimene tili nacho ndi Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000, ndipo ambiri a ife sitinalimve ndi kamodzi komwe.

Lamulolo likuti munthu akachotsedwa chifukwa kampani yachepetsa antchito kapena yavutika pachuma, kapenanso akachotsedwa mopanda chilungamo, ayenera kulandira ndalama zimene a ku ofesi amazitcha severance. Kawerengedwe kake, monga kanakonzedwanso mu 2010, nkotere: pa zaka zisanu zoyamba, malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse chathunthu, pa zaka zisanu zotsatira, masabata 3, kupitirira zaka khumi, masabata 4. Tsono mlonda amene analondera sitolo zaka 7 ayenera kulandira malipiro a masabata 16, ndipo wa zaka 12 masabata 33. Masamu amenewa mwana wa Sitandade 5 angathe kukuchitirani pansi ndi kamtengo. Wochotsedwa chifukwa cha kulakwa kwake kwenikweni, monga kuba, salandira ndalamazi, komatu bwana ayenera kuyamba wamumva mbali yake, ndipo pa mlandu ndi bwanayo amene ayenera kuonetsa chifukwa chimene anamchotsera. Malipiro otsala lamulo likuti aperekedwe pasanathe masiku 7.

Apa tsono mvetsetsani, pakuti mpamene ambiri agwera. Munthu wochotsedwa mopanda chilungamo ali ndi miyezi 3 yokha, kuwerenga kuchokera tsiku limene anachotsedwa, yakuti akadandaule kwa mkulu wa ofesi ya Leba wa m'boma. Mabwana ena lamulo limeneli amalidziwa bwino kuposa ife. Sakukanizani ndalama ayi. Amangoti, "Bwerani kutha kwa mwezi, cheke sichinasayinidwe." Inu mugulitsa thumba la mbatata kuti mupeze ya basi, mufika, akuti abwana apita ku msonkhano. Mubwerera. Mwezi wina mugulitsa mbuzi. Pofika ulendo wachitatu miyezi 3 ija yatha, ndipo amene anali kukusekererani pakhomo ayamba kukufunsani kuti ndinu yani. Makolo anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo ananena zoona, koma nkhono siwerenga masiku monga achitira a khoti. Ife tikuti kadandauleni mwezi woyamba womwewo, ngakhale bwana akulonjeza ndi mawu okoma. Akalipira, dandaulo mudzalichotsa, palibe chimene mwataya.

Ena amaopa kuti kupita ku Leba nkuchita mwano kwa munthu amene anakudyetsa zaka zambiri. Mtima umenewo ngwabwino pamudzi, koma ndalamazi si mphatso, abale. Munazigwirira usiku pamphepo.

Musanachoke pantchito pemphani kalata yosonyeza kuti munagwira ntchito pamenepo. Lamulo likuti mukapempha bwana ayenera kukupatsani, ndipo mulembedwe zaka zimene mwagwira, ntchito yanu, malipiro anu, ndiponso chifukwa chimene akuchotserani ngati inu mwafuna. Sungani timapepala ta malipiro, ngakhale tong'ambika. Ku ofesi ya Leba pa Boma adzakuuzani ngati nkhani yanu iyenera kumvedwa konkuno kapena m'boma limene munkagwira ntchito. Dandaulo likhale lolembedwa, makalata awiri ofanana, imodzi mutsale nayo itadindidwa tsiku. Dandaulo la pakamwa limaiwalika mlembi wa ofesiyo akasamutsidwa.

Mkulu wa Leba akalephera kukugwirizanitsani pakutha mwezi umodzi, nkhaniyo ingathe kupita ku khoti la milandu ya ntchito, Industrial Relations Court, limene lili ndi maofesi ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Musalole kuti mwezi umodziwo usanduke chaka. Pemphani kalata yokutumizani ku khoti. Kumeneko sitikunamizani, milandu imachedwa. Kale woweruza sankatha kumva milandu yambiri popanda oimira mabwana ndi oimira antchito kukhala naye, ndipo mmodzi akajomba mlandu unali kuimitsidwa. Nyumba ya Malamulo inachotsa zimenezo mu 2021. Chigamulo chikatuluka ndipo simunakhutire, muli ndi masiku 30 ochitira apilo ku Khoti Lalikulu, koma apiloyo ikhale yakuti woweruza walakwitsa lamulo, osati kungoti ndalama zachepa m'maso mwanu. Amene alibe ndalama ya loya akafunse ku Legal Aid Bureau, imene Boma linaikira anthu osauka.

Ife a ku Ntcheu kudikira timakudziwa. Azibambo athu anapita ku migodi ndi Wenela kufikira mu 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown nipha Amalawi 74, Boma niliimitsa ulendowo. Ena anapitanso ndi Theba kuyambira 1977 kufikira 1988. Ambiri a iwo akalamba, ena tawaika m'manda, akali kufunsa za ndalama zawo. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza kuti makampani a migodi ya golide apereke marandi 5 biliyoni kwa odwala matenda a fumbi la m'mapapo ndi chifuwa chachikulu, kudzera m'bungwe la Tshiamiso Trust. Koma pofunsa ndalamazo amafuna umboni wakuti munthu anagwiradi ntchito pa mgodi wakutiwakuti. Amene anasunga mapepala ake m'sutikesi ali ndi poyambira. Amene chiswe chinamdyera, mkazi wake wamasiye ndiye akuyenda m'maofesi.

Komiti yagwirizana kuti tikhale ndi buku la Nthambi lolembamo aliyense wochotsedwa ntchito, tsiku limene anachotsedwa ndi tsiku limene miyezi 3 idzathe. Amfumu, tikupemphani kuti mwana wanu akabwera ndi katundu wake mumtumize kwa ife sabata lomwelo. Loweruka lililonse masana Mlembi ndi achinyamata awiri odziwa kulemba adzakhala pano kulembera anthu makalata popanda malipiro. Bwerani ndi mapepala onse amene muli nawo, ndi chiphaso chanu cha unzika.