Ndalama ya Chiphaso ndi Ulendo wa Munthu wa ku Mchinji

Mawu amene anayankhulidwa pamsonkhano wa anthu a m'mawodi wokambirana za mayendedwe ndi ndalama za khonsolo

 Andipempha kuti ndiyankhulepo pa funso limene ena mwa inu mwakhala mukufunsa: kodi khonsolo singaike kamsonkho kakekake pa malonda, monga amachitira mizinda ina kunja, kuti ndalamazo zikonze kayendedwe ka anthu m'boma lino? Ndinena maganizo anga mosabisa, ndipo amene sagwirizana nawo ali ndi ufulu wonditsutsa ndikakhala pansi.

Mchinji ndi boma la panjira. Msewu wa M12 umatilumikiza ndi Lilongwe, pamtunda wa makilomita pafupifupi 110, ndipo kuchoka pa Boma kukafika kumalire ndi makilomita 12 okha. Njanji inafika kuno mu 1980, ndipo mu 2010 anaitalikitsa mpaka ku Chipata. M'mwezi wa December 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, anatsegulira chipata chamakono cha pamalire a Mchinji ndi Mwami, kuti galimoto zisamaime kawiri. Zonsezi n'zabwino, koma tizione bwino. Zinamangidwa ndi ndalama zochokera kutali, ndipo cholinga chake chachikulu chinali katundu wodutsa: feteleza, mafuta, simenti, fodya. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 602,305 m'boma lino, ndipo ambiri mwa iwo sakhala m'mbali mwa phula. Mayi wa kwa Mkanda amene mwana wake wadwala usiku sathandizidwa ndi njanji. Mlimi wa kwa Dambe amene ali ndi matumba asanu a mtedza sapita nawo pachipata chamakono. Iwowa chimene amafuna ndi njira yoti idutsike m'dzinja, ndi malo oti adikirirepo galimoto osanyowa.

Achikulire muli pano mukukumbukira mabasi a UTM, kenako Stagecoach, kenako Shire Bus Lines. Anali ndi nthawi yonyamukira, ndipo munthu ankadziwa kuti akadzuka m'mamawa aipeza basi pasiteji. Lero mayendedwe athu ali m'manja mwa minibasi yonyamuka ikadzaza, matola, ndi kabaza wa njinga yakapalasa kapena yamoto. Sindikuwanyoza anthu amenewa. Ndiwo atinyamula zaka zonsezi pamene panalibe wina. Koma palibe mwini minibasi amene angamange mlatho, ndipo palibe wakabaza amene angakumbe ngalande ya m'depoti. Zimenezo ndi za tonse, ndipo za tonse zimafuna thumba la tonse.

Tsono ganizo la msonkho wa pa malonda linachokera kuti? Kumene lakhazikika kwambiri ndi ku America. Kumeneko madera ambiri ali ndi mphamvu yoonjezera kandalama pang'ono pamtengo wa zinthu zambiri zogulidwa m'sitolo, bola anthu avomereze povota. Chitsanzo chodziwika ndi dera la Los Angeles, la anthu pafupifupi 10 miliyoni. Mu November 2008 anthu kumeneko anavomereza lamulo lotchedwa Measure R, loonjezera theka la senti pa dola iliyonse kwa zaka 30, kuti amangire njanji ndi misewu ndi kuyendetsera mabasi. Lamulo la kwawoko linkafuna kuti anthu awiri mwa atatu alionse avomere, ndipo anangopitirira pang'ono chabe. Mu 2016 anafunsidwanso theka lina la senti kudzera mu Measure M, ndipo pafupifupi 71 mwa anthu 100 alionse anati inde. Taganizani, anthu kudzisankhira okha msonkho, kawiri konse.

Mzinda wa Nashville uli ndi phunziro loposa pamenepa. Mu May 2018 akuluakulu a mzindawo anabweretsa pulani yaikulu ya sitima zamumzinda, ndipo anthu anaikana kotheratu. Mu November 2024 anabweranso ndi pulani ina yodzichepetsa: mabasi oyenda pafupipafupi, tinjira ta oyenda pansi, magetsi oongolera magalimoto pamphambano. Msonkho wake unali theka la senti, ndipo ulendo uno anthu anavomera. Mzinda womwewo, matumba omwewo. Chinasintha n'chakuti munthu wamba anatha kuloza chimene adzapindule pakhomo pake.

Kodi ife tingatengere zimenezi momwe ziliri? Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo zifukwa zake zilipo.

Choyamba ndi lamulo. Msonkho wa pa malonda kuno kwathu ndi VAT, ndipo amatolera ndi a MRA, ndalama zake n'kupita kuthumba lalikulu la boma. Lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 limalola khonsolo kutolera msonkho wa malo ndi nyumba m'madera oyenerera, ziphaso za malonda, ndalama za m'misika ndi m'madepoti, ndi malipiro a ntchito zimene khonsolo imagwira. Silinapatse khonsolo mphamvu yoika VAT yakeyake. Kuti zimenezo zitheke pafunika Nyumba ya Malamulo, osati msonkhano ngati uno.

Chachiwiri ndi mtundu wa malonda athu. Ku Los Angeles pafupifupi chilichonse chimadutsa pamakina otulutsa lisiti. Kuno malonda ambiri amachitikira pamphasa ndi pathebulo: mulu wa tomato, mbale ya usipa, ndowa ya soya, kaunjika. Ndani adzaime pambali pa mayi wogulitsa zitumbuwa kuwerenga kuti wagulitsa zingati?

Chachitatu, chimene chimatikhudza ife a Mchinji mwapadera, ndi malire. Mzere umene azungu anaulemba pamapu sunadule chibale. Anthu a mbali ino ndi a mbali inayo ndi amodzi, amakwatirana, amaikana maliro, amapita limodzi ku Kulamba ndi ku Ncwala, ndipo tinjira todutsira timadziwika ndi mwana yemwe. Shuga, sopo kapena simenti zikakwera mtengo mbali ino chifukwa cha msonkho wa boma lathu lokha, wogula sachita kulemba kalata yodandaula. Amangopalasa njinga. Boma la pakati pa dziko likhoza kuyesa zoterezi, koma ife tikhoza kuthamangitsa malonda omwewo amene tikufuna kuwadyera. Ndiponso tisaiwale kuti msonkho wa pa malonda umapweteka kwambiri wosauka, pakuti iye ndalama yonse imene wapeza amaigwiritsa ntchito pogula, pamene wolemera ina amasunga.

Komabe ndikanangoima apa ndikanakunamizani, chifukwa chimene chinachititsa anthu aja kuvomera sichinali mtundu wa msonkhowo. Chinali chipangano. Anauzidwa kuti ndalama iyi ndi ya mayendedwe basi, sidzapita kwina. Anapatsidwa mndandanda wa ntchito, iyi choyamba, iyi pambuyo. Panaikidwa anthu apadera oyang'anira mabuku. Chipangano chotere sichifuna Nyumba ya Malamulo. Chili m'manja mwathu.

Ndipo m'dziko muno si chachilendo. Aliyense wogula petulo kapena dizilo amalipirako kandalama ka misewu, kamene kamayenera kupita ku Roads Fund Administration. Zipata zolipiritsa za pa Chingeni ku Ntcheu ndi pa Kalinyeke ku Dedza, zimene zinayamba kugwira ntchito kumapeto kwa 2021 ndi kumayambiriro kwa 2022, zinabwera ndi lonjezo lomwelo. Mukamva madalaivala akudandaula za zipatazo, mvetserani bwino: ambiri sakana kulipira, amafunsa kuti nanga maenjewa bwanji akadalipo.

Msonkho wathu wa pa malonda tili nawo kale, kungoti timautchula dzina lina. Ndi chiphaso chimene mayi wa mumsika amadula m'mawa uliwonse. Ndi ndalama imene minibasi imasiya potuluka m'depoti. Ndi laisensi ya golosale, ya chigayo, ya malo ogona alendo. Ganizo langa ndi lakuti khonsolo ipatule gawo lodziwika la ndalama zimenezi, tinene K20 pa K100 iliyonse yotoleredwa m'misika ndi m'madepoti, iikidwe mu akaunti yakeyake ya mayendedwe, yosakhudzidwa ndi malipiro, maalawansi kapena mafuta a galimoto za maofesi. Sindikupempha kuti chiphaso chikwere. Poyamba tione zimene ndalama yomwe ilipoyi ingachite ikamangidwa chingwe.

Tiyeni tiwerengetse, ndipo manambala awa ndi ongoyerekeza kuti tione kukula kwa nkhaniyi. Tinene kuti pamsika wina pali ogulitsa 500, aliyense akulipira K300 patsiku, masiku 300 pachaka. Zimenezo ndi K45,000,000. Gawo limodzi mwa magawo asanu ndi K9,000,000. Ndalama imeneyi singagule basi, ndipo ine ndikuti khonsolo isayerekeze n'komwe kugula basi. Basi imafuna dalaivala, makaniko, matayala ndi dizilo tsiku ndi tsiku, ndipo makampani aakulu amene ndawatchula aja anaikanika ntchitoyi. Koma K9,000,000 ikhoza kuika makalavati pamalo amene madzi amadula msewu chaka ndi chaka. Ikhoza kumanga shedi yodikiriramo ndi chimbudzi chaukhondo pasiteji. Ikhoza kuthira miyala m'depoti, kapena kukonza malo oimikapo njinga za kabaza kuti zichoke pakamwa pa msewu pamene ngozi zimachitikira. Kalavati imodzi ikaikidwa pamalo oyenera, galimoto imene inkabwerera panjira imakafika kumudzi, ndipo mtengo wonyamulira thumba la chimanga umatsika popanda wina kulamula.

Apa pali mfundo imene sindifuna kuidumpha, ngakhale ena sangaikonde. Ndalama yotoleredwa pa Kamwendo, pa Kapiri, pa Mkanda kapena pa Waliranji isathere yonse pa Boma. Ngati wogulitsa wa pa Kapiri adula chiphaso chaka chathunthu, kenako n'kumva kuti shedi yamangidwa kwina kumene iye safikako, chaka chotsatira adzathawa wotolera, ndipo ine sindidzamudzudzula. Gawo lalikulu libwerere kumene lachokera, lotsalalo lithandize madera amene alibe msika waukulu koma ali ndi milatho yothyoka.

Wina afunsa kuti nanga ndalama za CDF, za DDF, ndi zina zochokera kulikulu zija bwanji? Zibwere, ndipo tizilondola. Ndondomeko yopereka mphamvu kwa anthu ya mu 1998 inanena kuti makhonsolo azilandira zosachepera K5 pa K100 iliyonse ya ndalama zimene boma latolera, ndipo makhonsolo akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti zimene amalandira sizifika pamenepo, komanso zimachedwa. Kuchedwa kumeneko pa nkhani ya misewu n'koopsa. Ntchito ya dothi imagwirika m'chilimwe, mvula ya November isanagwe. Mwamwayi, nthawi imene misika yathu imatolera zambiri ndi yokolola, kuyambira April mpaka August, pamene mtedza, soya ndi fodya zili pamsika. Ndalama yathuyathu imabwera pa nyengo yeniyeni imene ikufunika.

Tsono walira mvula walira matope. Tikafuna thumba lotere tivomerenso zovuta zake. Lovuta loyamba ndi kudontha. Chiphaso chimodzi chikamagulitsidwa kawiri, kapena wogulitsa akamapereka theka la mtengo kuti asalandire lisiti, thumbalo lidzakhala dzina chabe. Apa mbali zonse ziwiri zili ndi mlandu, wotolera ndi wolipira yemwe. Pafupifupi pamsika uliwonse pali ma ejenti a Airtel Money ndi TNM Mpamba, choncho kulipira pafoni si maloto. Kumene sizingatheke, lisiti ikhale ya nambala, ndipo pachipata cha msika pakhale bolodi lolembedwa mwezi ndi mwezi: zotoleredwa mwakuti, zopita ku mayendedwe mwakuti, zagwira ntchito yakuti. Oyang'anira mabukuwo asakhale a khonsolo okha. Mukhale nthumwi ya ogulitsa mumsika, ya eni maminibasi, ya akabaza, ya mafumu, ndipo amayi asachepe, pakuti ndiwo amadula ziphaso zambiri.

Ndikupemphanso kuti chipanganochi chikhale ndi malire a nthawi. Tinene zaka zitatu. Zikatha, tidzakumanenso chonchi, mndandanda uli m'manja, tidzaone zimene zachitika. Ngati palibe chooneka, chithe. Ngati chilipo, pamenepo mpamene khonsolo ingadzayerekeze kukufunsani ngati mungalole kuonjezera kandalama pachiphaso, ndipo yankho lidzakhale lanu.

Njira yake ndi yomwe mukuidziwa. Nkhani iyambire ku VDC, ipite ku ADC, khansala aitengere ku komiti ya zachuma ndi ku msonkhano wa khonsolo yonse. Ngati pafunika lamulo laling'ono la khonsolo, lidzapita kwa nduna ya maboma aang'ono kuti ikavomereze. Zonsezi zichitike bajeti ya chaka chamawa isanatsekedwe, apo ayi tidzadikira chaka china.

Chimene ndikupempha wodi iliyonse ndi ichi: pomadzafika msonkhano wotsatira wa ADC, mubwere ndi malo atatu okha, olembedwa papepala, pamene ulendo umaduka m'dera lanu. Mutchule dzina la mtsinje kapena dambo, midzi imene imatsekeredwa, ndi miyezi imene galimoto sizidutsa. A kabaza, inu ndi amene mukuwadziwa bwino malo amenewa, choncho mafumu akuitaneni polemba.