Sopo wopha majeremusi: mtengo wake ndi phindu lake



Kuyambira 2008, dziko lonse lapansi limakumbukira kusamba m'manja pa 15 Okutobala. Pamwambo uno wa tsikuli n'koyenera kuyankha funso limene limasautsa amayi ambiri mugolosale. Pashelefu pali sopo wamba. Pambali pake pali botolo lonyezimira la sopo wamadzi wosambira thupi lonse, lolembedwa kuti amapha majeremusi 99.9 peresenti, mtengo wake wokwera kangapo. Mayi amaima pamenepo ndalama ili m'manja, akuona ngati kutenga wotchipayo n'kumana ana ake chitetezo.

Funso limeneli linayesedwa kale m'makomo a anthu osauka mumzinda wa Karachi ku Pakistan. Ofufuza otsogoleredwa ndi Stephen Luby anagawira mabanja ena sopo wamba, ena sopo wothira triclocarban, mankhwala opha mabakiteriya, n'kumawayendera sabata ndi sabata kuwalimbikitsa kusamba. Zotsatira zinatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2005. Poyerekeza ndi madera amene sanalandire sopo, chibayo mwa ana osakwana zaka 5 chinatsika ndi theka, kutsegula m'mimba kunatsika kupitirira theka, zilonda za pakhungu nazo zinachepa. Nanga pakati pa sopo awiriwo? Panalibe kusiyana koti munthu n'kulozapo chala.

Chifukwa chake n'chosavuta. Thovu limamasula mafuta ndi litsiro zimene majeremusi amamatirapo, madzi n'kukokolola zonse. Mankhwala owonjezerawo amafuna nthawi yaitali kuti agwire. Ku South Korea mu 2015, akatswiri anaika mabakiteriya m'sopo wa triclosan, mankhwala enanso opha mabakiteriya, kwa masekondi 20 ndipo sanapose sopo wamba. Mphamvu yake inadzaoneka patatha maola 9. Ndani angakhale m'bafa maola 9, anzake akudikira panja ndi ndowa zawo?

Mu Seputembala 2016, bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America, FDA, linaletsa mankhwala 19, kuphatikizapo triclosan ndi triclocarban, m'sopo wogulitsa kwa anthu wamba. Silinanene kuti sopoyo ndi poizoni ayi. Linati opanga, amene anapatsidwa mpata kuyambira 2013, analephera kusonyeza zinthu ziwiri: kuti sopo wawo amaposa wamba, ndiponso kuti sangavulaze munthu womugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Nkhawa inalipo ndithu. Triclosan amalowa m'thupi kudzera pakhungu, moti bungwe loona za matenda ku America, CDC, linamupeza mumkodzo wa anthu atatu mwa anayi alionse amene anayezedwa mu 2003 ndi 2004. Pa nyama zoyeserera, anasokoneza mahomoni a chithokomiro. Palinso mantha akuti mabakiteriya okumana ndi mankhwala otere pang'onopang'ono amaphunzira kupirira, mpaka kuyamba kuderera mankhwala akuchipatala. Chiopsezo chotere munthu angachilolere pakakhala phindu, koma pano phindulo silinaoneke.

Khungu nalo lili ndi eni ake, mabakiteriya abwino amene amatsekereza oipa kuti asapeze pokhala. Ndipo zambiri zimene zimathamangitsira makolo kukagula sopo wodula sizichokera kwa mabakiteriya n'komwe. Mphere zimayamba ndi kachilombo kofukula khungu, zipere ndi mafangasi, chimfine ndi mavairasi. Mwana wa mphere akufunika mankhwala opaka ochokera kuchipatala, banja lonse lithandizidwe pamodzi, zofunda zichapidwe.

Pasapezeke wochoka pano n'kukakana mankhwala a namwino. Kuchipatala nkhani ndi ina: dokotala amatsuka manja ndi mankhwala amphamvu asanachite opaleshoni, ndipo chlorhexidine wopaka pamchombo wa khanda wapulumutsa ana ambiri. Amenewo amaperekedwa pa vuto lodziwika, kwa masiku owerengeka.

Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu opitirira 1,700 m'Malawi muno. Alangizi a zaumoyo atafika m'midzi sanafunse mtundu wa sopo. Ankayang'ana madzi othira klorini, chimbudzi chovundikira, ndi mpondagiya wokhala ndi madzi ndi kachidutswa ka sopo kolendewera pachingwe. Ndalama ya botolo limodzi lija ingagule sopo wamba wokwanira kubafa, kukhitchini ndi pakhomo pa chimbudzi.

Ana asukulu akonza chionetsero cha kasambidwe ka masekondi 20, ndipo mafumu akupemphedwa kukhala oyamba kuponda giya. Mwambo watsegulidwa.