MASEWERA A JUDO: Bambo Jude McKenna ndi Ophunzira Ace

Madzulo ano ndifuna kukamba ndi makolo. Mukapita ku Kaunda Square dzuwa litapendeka, mudzaona anyamata alikugwetsana m'fumbi, ndipo ambiri a ife timawathamangitsa ndi mkwapulo. Koma kugwetsana kuli ndi sukulu yace, dzina lace judo.

Masewera amenewa anawayamba Jigoro Kano ku Tokyo, m'dziko la Japan, m'caka ca 1882. Analowa m'mipikisano ya Olympic mu 1964, ku Tokyo komweko, kumene anyamata athu anapita monga a Northern Rhodesia, natsiriza pa 24 October ali a Zambia.

Patapita zaka ziwiri, mu 1966, kunafika wansembe wa ku Ireland wa cipani ca Capuchin, Bambo Jude McKenna. Anayamba kuphunzitsa judo ku Livingstone, pambuyo pace ku Lusaka, nakhala nafe zaka ngati 50. Ena anadabwa: kodi wansembe nkuphunzitsa ana ndeu? Iwo sanadziwe kuti m'judo wamba mulibe nkhonya, mulibe kuponda. Cinthu coyamba cimene mwana aphunzira ndico kugwa. Agwa cagada, agwa cammbali, namenya mphasa ndi dzanja, cibwano ciri pacifuwa kuti mutu usagunde pansi. Atero masabata ambiri asanaloledwe kugwetsa mnzace mwamphamvu. Ine ndiyesa kuti apa ndi pamene anyamata odzitama amathawira, pakuti kugwa pamaso pa anzako tsiku ndi tsiku kufuna mtima wodzicepetsa. Wopirira aphunzira tsono kukoka mnzace pamene iye alikukankha, kotero kuti munthu wamkulu agwa ndi mphamvu zace zomwe.

Zipatso zace tinaziona. Ku Rio de Janeiro mu 2016, Mathews Punza anakomana ndi Golan Pollack wa ku Israel, amene caka capitaco anali wacitatu pa dziko lonse lapansi pa kulemera kwa makilogramu 66. Anthu anayesa kuti mwana wa Zambia angopita kukagwa. Punza anamgonjetsa.

Mu 2019 boma la Japan linapatsa Bambo McKenna ulemu wa Order of the Rising Sun cifukwa ca nchito imeneyi. Tsalani bwino, tidzamvananso sabata la mawa.