Kuvina pa Nsonga za Zala: Mwana Ayambe Liti?

Pa 12 Malichi 1832 anthu a mumzinda wa Paris anaonerera Marie Taglioni akuvina gule wotchedwa La Sylphide ataima pa nsonga zenizeni za zala za kuphazi, ngati kuti mphepo ikumunyamula. Iye sanali woyamba kuyesa zimenezi, koma ndiye anaonetsa kuti kavinidwe kotere kangakhale kokongola, osati kodabwitsa chabe. Kufikira lero, atsikana ambiri ophunzira ballet, gule wa m'nyumba za zisudzo amene anayambira ku Ulaya, amalakalaka tsiku lodzavala nsapato zoimira pa zala. Koma tsikulo likafulumira limasiya zilema.

Nsapatozo nzonyenga maso. Kunja kwake kuli nsalu yosalala yonyezimira, pamene kutsogolo kuli kachibokosi kolimba kopangidwa ndi nsalu, mapepala ndi guluu, ndipo pansi pali chinthu chouma chochirikiza phazi. Makolo ena akaona kulimbako amayesa kuti nsapato ndiyo imaimika mwana. Iyayi. Mwana amadzikweza yekha ndi nyonga za m'phazi, za m'miyendo, za m'chiuno ndi za pamimba. Nsapato ingomthandiza pang'ono. Nyongazo zikasoŵa, thupi lonse limatsamira pa zala, kakolo amagwedezeka, ndipo kubinya mwendo sikuchedwa.

Phazi la munthu lili ndi mafupa 26. Mwa mwana mafupa ameneŵa amakhala asanakhwime. Kumapeto kwake kumakhala chichereŵechere, ndipo mpamene fupa limakulirapo. Kulemetsa malo otere tsiku ndi tsiku kungawavulaze, ndipo kuvulala kwa pamenepo nthaŵi zina kumasokoneza kakulidwe ka fupa.

M'chaka cha 2009 madokotala ndi aphunzitsi a bungwe la International Association for Dance Medicine and Science anafalitsa malangizo pa nkhaniyi. Iwo anati mwana asayambe asanakwanitse zaka 12. Wophunzira kaŵiri pa mlungu angayambe m'chaka chachinayi cha maphunziro ake, koma wophunzira kamodzi kokha ndi bwino asayambe nkomwe. Chodabwitsa nchakuti anachenjezanso za mwana wa mapazi ofeŵa kwambiri, opindika mosavuta. Mapazi otere ndi amene anthu amawatama kuti ngokongola, komabe ndiwo amafuna kulimbitsidwa nthaŵi yaitali asanasenze thupi lonse.

Motero zaka pazokha sizikwanira. Atsikana aŵiri obadwa mwezi umodzi angasiyane kutalitali. Mphunzitsi wanzeru amayang'ana mwana aliyense payekha. Amamuimika ndi mwendo umodzi, namuuza kuti akweze chidendene kambirimbiri osapendama. Amamuuza kuti apinde bondo, kuti aone ngati bondolo likulunjika pamwamba pa zala kapena likugwera m'kati. Amamdumphitsa ndi mwendo umodzi, namvetsera ngati akutera mofeŵa. Amaonanso ngati mwanayo amamva malangizo ndiponso ngati amanena msanga pamene pakumuŵaŵa, pakuti mwana wobisa ululu poopa kutsalira anzake ndiye amavulala kwambiri.

Ngakhale wololedwa sayamba ndi kuvina ayi. Miyezi yoyamba amavala nsapatozo kwa mphindi 10 kapena 15 zokha kumapeto kwa phunziro, atagwira mtanda wokhomedwa kukhoma, akukwera ndi kutsika pang'onopang'ono pa mapazi onse aŵiri. Nsapato zake ayenera kumuyesa munthu wodziŵa ntchitoyo. Chizoloŵezi chogulira mwana nsapato yaikulu kuti akuliremo pano nchoopsa, chifukwa phazi likamaseŵera m'kati limatuluka matuza ndipo zikhadabo zimabiriŵira.

Chovuta chachikulu kwa mphunzitsi kaŵirikaŵiri si mwana, koma kholo limene laona ana a anzake atavala nsapatozo, wake akali kudikira. Mphunzitsi amene ayankha kuti mwanayo adikire chaka china angataye wophunzira pamodzi ndi malipiro ake, pakuti kholo lokwiya limapita kukafuna sukulu ina yosakaniza. Aphunzitsi abwino amakanabe.